Kolera ndi Madzi a ku Mgona

Kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo ndi dera la Area 25, kuli mudzi waukulu wa m'tauni wotchedwa Mgona. Amalonda a mbeu amaudziŵa bwino chifukwa cha msika wake wa mtedza. Ambiri mwa anthu okhala kumeneko anachoka ku midzi ya m'maboma osiyanasiyana kudzafuna ntchito kapena ganyu m'makampani a fodya ndi m'nyumba zosungiramo katundu. Nyumba zinamangidwa mothithikana, wina pano wina apo, popanda woyamba walambula miseu kapena kuyala mipopi. Anthu ndiwo anayamba kufika, ndipo madzi ndi ngalande zakhala zikutsatira pambuyo pang'onopang'ono.

Pa 13 Febuluwale 2023, amene anali mtsogoleri wa dziko lino pa nthaŵiyo, Dr Lazarus Chakwera, anapita ku Mgona kukakhazikitsa ntchito yotchedwa Tithetse Kolera. Tsiku limenelo chiŵerengero cha odwala kolera m'dziko lonse chinali chitapitirira 42,000, ndipo omwalira anali pafupifupi 1,400. Mgona sanasankhidwe mwangozi: linali limodzi mwa madera amene matendaŵa anasautsa kwambiri mu Lilongwe. Omvera a ku Ndirande, a ku Chinsapo, a ku Chibavi mu Mzuzu, ngakhale a pa madoko a asodzi m'mbali mwa nyanja, akamva za Mgona adzazindikira zambiri zofanana ndi za kwao.

Kolera si mlendo m'Malaŵi. Mliri umene ukuzungulira pa dziko lapansi masiku ano unayambira pa chilumba cha Sulawesi ku Indonesia m'chaka cha 1961, unaloŵa mu Africa mu 1970, ndipo kuno unaoneka koyamba mu 1973. Kuyambira pamenepo nthendayi yakhala ikubwera ndi dzinja, makamaka m'chigwa cha Shire, kuzungulira Nyanja ya Chilwa ndi m'mphepete mwa Nyanja ya Malaŵi. M'nyengo ya njala ya 2001 ndi 2002 anthu oposa 33,000 anadwala ndipo pafupifupi 1,000 anamwalira. Akuluakulu a zaumoyo ankayesa kuti umenewo ndiwo mliri woopsa koposa, kufikira unabwera wa 2022.

Mliri umenewu unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, patangopita milungu yoŵerengeka namondwe wotchedwa Ana atagwetsa zimbudzi ndi kuononga zitsime m'chigawo cha kumwera. Chodabwitsa chinali chakuti mvula itakata nthendayi sinazilale monga mwa chizoloŵezi chake. Inayenda m'chilimwe chonse, nifika ku Nkhata Bay ndi maboma ena a kumpoto, kotero kuti pamene mvula yoyamba inagwa, tizirombo tinali titamwazika kale m'dziko lonse. Pa 5 Disembala 2022 Boma linalengeza kuti kolera yasanduka ngozi yaikulu pa umoyo wa anthu. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa ndi milungu iŵiri. Pomalizira pake anthu oposa 59,000 anadwala, oposa 1,700 anamwalira, ndipo boma la Lilongwe ndilo linaposa maboma onse, pa odwala ndi pa maliro pomwe.

Nanga nthenda imeneyi imayenda bwanji? Yankho lake ndi lonyansa kulimva, koma liyenera kunenedwa poyera. Kolera imayamba ndi kachirombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Vibrio cholerae, kamene kamaswana m'matumbo a munthu. Kamatuluka m'thupi pamodzi ndi chimbudzi kapena masanzi, ndipo khomo lake loloŵera m'thupi la munthu wina ndi limodzi lokha, ndilo pakamwa. Sikauluka ndi mphepo ngati chifuwa chachikulu, sikanyamulidwa ndi udzudzu ngati malungo. Pafupifupi aliyense amene anadwalapo kolera anamwa kapena kudya kanthu kamene kanakhudzana ndi zonyansa za m'mimba mwa munthu wina. Tsono chovuta ndi ichi: ambiri mwa anthu amene kachiromboka kawaloŵa sadwala konse, kapena amangotsegula m'mimba pang'ono, koma amakhala akutulutsa tizirombo kwa masiku angapo, mwina mpaka khumi. Munthu wotere amapita ku ntchito, amatunga madzi, amagulitsa mandasi, ndipo palibe womukayikira, ngakhale mwini wakeyo.

Njira ya kachiromboka, kuchoka m'chimbudzi kufika m'chikho, m'madera ena ndi yaitali ndipo iri ndi zotchinga zambiri. Ku Mgona ndi yaifupi. Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kuti chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime mamita 30 kapena kuposapo, ndiponso kuti chikhale kumunsi kwa chitsimecho. Langizo limeneli ndi labwino ku mudzi kumene malo alipo. Koma pa poloti ya m'tauni pamene mwini wake wamanga mdadada wa zipinda zisanu kapena zisanu ndi chimodzi za lendi, mamita 30 angachokere kuti? Chimbudzi chiri pa ngodya iyi, chitsime pa ngodya inayo, ndipo kuseri kwa mpanda kuli chimbudzi cha poloti yoyandikana nayo. M'chilimwe nthaka youma imatchinga ndithu. Koma mvula ikakhazikika, madzi a pansi amakwera, maenje a zimbudzi amadzaza, ndipo zimene ziri m'dzenje limodzi zimayenda m'nthaka kukaloŵa m'dzenje linzake. Zina zimasefukira pamtunda, nizikokoloka ndi madzi a mvula m'tinjira momwe ana amaseŵera, mpaka kugwera m'chitsime chosamangira kukamwa. Madzi otungidwa m'chitsime chotero angaoneke oyera mbee, osanunkha, ozizira bwino. Maso ndi mphuno sizingaŵeruze mlandu umenewu.

Wina angafunse kuti, kodi anthuwo alekeranji chitsime ndi kukatunga pa mpopi? Mipopi ya m'makiyosiki, momwe amagulitsamo madzi a Lilongwe Water Board, iripo m'madera otereŵa, ndipo madzi ake amakhala othira kale mankhwala. Koma madziwo ndi ogula pa chidebe chilichonse. Kiyosiki iri ndi nthaŵi yake yotsegula ndi yotseka, ndipo masiku ena mpopi umauma. Mai amene bambo wa kunyumba kwake wabwerako ku Kanengo chimanjamanja, ganyu atasoŵa, amaŵerengera ndalama imene iri pa nsonga ya chitenje: ufa, makala, ndiwo, kenaka madzi. Kaŵirikaŵiri amagula chidebe chimodzi cha madzi akumwa, ndipo otsukira mbale, osambitsira mwana ndi otsukira ndiwo amatunga pa chitsime. Pamenepo iye wachita zimene angathe, komabe kachirombo kapeza poloŵera, chifukwa mbale yotsukidwa ndi madzi oipa imaipitsa nsima yabwino. Amene amanena kuti anthu a m'madera aŵa amadwala chifukwa cha uve chabe ayenera kuyamba aŵerengera mtengo wa madzi okwanira banja la anthu asanu ndi mmodzi kwa mwezi wathunthu.

Ngakhale madzi a pa mpopi angathe kuipa atafika kale m'nyumba. Chidebe chosavundikira, chikho chimodzi chotungira ndi kumwera chomwe, ndi dzanja la mwana loviikidwa m'madzi potunga, zimenezi zikwanira. Ndicho chifukwa chake pa nthaŵi ya mliri alangizi a zaumoyo ankayenda khomo ndi khomo kugaŵa kolorini wothira m'madzi. Mankhwalaŵa, ngakhalenso Waterguard wogula m'sitolo, amagwira ntchito akathiridwa pa muyeso wake ndipo madziwo akadikiridwa mphindi 30 asanamwedwe. Ena amadandaula fungo lake, ndipo nzoona kuti limamveka. Kuŵiritsa madzi kumaphanso tizirombo, koma pa mtengo wa makala wa mu Lilongwe ndi mabanja oŵerengeka amene angaŵiritse madzi tsiku ndi tsiku. Chigubu cha kukamwa kwakung'ono, chimene madzi ake amachita kutsanula, chimasunga madzi bwino koposa chidebe choyasama.

Nkhani ya chitsime ndi chimbudzi si ya ku Mgona kokha, ndiponso si ya lero. M'chaka cha 1854 kolera inabuka m'dera la Soho mu mzinda wa London, nipha anthu oposa 500 m'masiku khumi okha. Pa nthaŵiyo madokotala ambiri ankakhulupirira kuti nthendayi imabwera ndi mpweya wonunkha. Dokotala wina, John Snow, anayenda nyumba ndi nyumba kulemba pamene panagwa maliro, ndipo anapeza kuti malirowo anaunjikana mozungulira mjigo umodzi wa mu mseu wa Broad Street. Anthu ogwira ntchito pa fakitale ya moŵa ya pafupi pomwepo, amene sankamwa madzi a pa mjigowo, anapulumuka. Koma mai wina wamasiye wokhala kutali ku Hampstead, amene ankatumiza anthu kukamtungira madzi a pa mjigo umenewo chifukwa ankakonda kukoma kwake, anamwalira. Akuluakulu a deralo anachotsa chogwirira cha mjigowo. Pambuyo pake kunadziŵika kuti madzi ochapira mateŵera a mwana wodwala ankatayidwa m'dzenje la zonyansa lomwe linali pafupi kwambiri ndi chitsimecho. London inasiyana ndi kolera itamanga ngalande zazikulu zochotsa zonyansa ndi kukonza madzi akumwa, ndipo mliri wake wotsiriza unali wa 1866. Katemera ndi mankhwala a masiku ano kunalibe.

Mateŵera a mwana ayenera kukumbukiridwa, pakuti anthu ambiri amayesa kuti chimbudzi cha khanda sichiopsa. Chimaopsa chimodzimodzi ndi cha munthu wamkulu. Malo ake ndi m'chimbudzi, osati kudzala kapena m'ngalande, ndipo wosamala mwanayo asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya.

Chakudya ndiyo njira yachiŵiri. M'tauni anthu ambiri amadya kunja kwa nyumba zao: pa chiwaya, m'malesitilanti a mu msika, thobwa la m'botolo, mango ndi nzimbe za m'mbali mwa mseu. Moto umapha kachirombo ka kolera, kotero chakudya chodyedwa chikali chotentha sichivuta. Chovuta ndi chimene chaphikidwa m'maŵa nkukhala mpaka madzulo, chikugwiridwa ndi manja ndi kuteredwa ndi ntchentche, ndiponso beseni limodzi la madzi momwe aliyense wobwera kudzadya amasambamo m'manja. Woyamba kusamba amasamba m'madzi. Wakhumi amasamba m'litsiro la anzake asanu ndi anai. Kusamba kothirirana, ndi sopo, kapena pa mpondagiya woikidwa pakhomo la chimbudzi, kumadula njira imeneyi pa mtengo wochepa.

Pa maliro ndi pamene nkhani imavuta kwambiri, chifukwa imakhudza mwambo ndi chisoni. Thupi la munthu womwalira ndi kolera, zovala zake ndi zofunda zake zimakhala ndi tizirombo tochuluka. Osambitsa thupi akapita kukathandiza ku moto kapena kugaŵa chakudya, anamfedwa ndi okhuza maliro onse amakhala pa ngozi, ndipo maliro amodzi amabala ena. Ndicho chifukwa chake a zaumoyo amakonza okha thupi lotero ndi kolorini, nalamula kuti liikidwe msanga ndiponso kuti pa siwa pasaphikidwe chakudya cha gulu. Lamuloli ndi loŵaŵa kwa banja limene likufuna kutsazikana ndi mbale wao mwaulemu, ndipo likaperekedwa mwaukali, popanda kulongosola, limabala mkwiyo.

Mkwiyo wotero unaoneka mu Febuluwale 2023. Mphekesera zinawanda zakuti ogwira ntchito m'zipatala ndiwo akufalitsa kolera ndi jakisoni, ndiponso kuti akuchotsa ziŵalo za omwalira. Anthu olusa anaononga chipatala cha Nandumbo ku Balaka, ndipo pa chipatala cha Area 25, chimene chiri pafupi ndi Mgona, gulu la anthu linaphwanya malo ogonekapo odwala kolera. Mphekeserazo zinali zabodza, ndipo amene anavutika nazo ndi odwala omwewo. Komabe sikokwanira kungonena kuti anthu ndi osadziŵa. Munthu amene waona mbale wake akuloŵa m'tenti akuyankhula, nauzidwa m'maŵa mwake kuti wamwalira ndipo thupi lakulungidwa kale m'pulasitiki, adzafunsa mafunso. Akapanda kuyankhidwa ndi a chipatala, adzayankhidwa ndi a pa msika. Pamene mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti ndiponso mmodzi wa pa banja aloledwa kuona mmene thupi likukonzedwera, mphekesera zimasoŵa pogwira.

Chimene chimachititsa imfa ya kolera kukhala yokayikitsa ndi liŵiro lake. Kuchokera pamene kachirombo kaloŵa, nthendayi imaoneka pakati pa maola 12 ndi masiku asanu. Kachiromboka kamatulutsa poizoni amene amachititsa matumbo kukhetsa madzi ndi mchere wa m'thupi m'malo mozimwa. Wodwala amatsegula m'mimba zamadzimadzi zooneka ngati madzi otsukira mpunga, kaŵirikaŵiri popanda kupotokola kapena kutentha thupi, ndipo amasanza. Wodwala kwambiri angataye lita imodzi ya madzi pa ola limodzi. Maso amaloŵa m'kati, mau amasasa, minofu ya m'miyendo imakokana, mkodzo umasiya, ndipo khungu likatsinidwa silibwerera msanga. Bambo wamphamvu amene ananyamula matumba masana angathe kumwalira tambala asanalire. Koma chimene chamupha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo madzi angathe kubwezeredwa. Odwala akalandira chithandizo msanga, omwalira safika mmodzi pa anthu 100 alionse. M'mliri wa 2022 ndi 2023 m'Malaŵi anamwalira pafupifupi atatu pa 100 alionse, ndipo ambiri mwa iwo anafera kunyumba, pa njira, kapena atafika ku chipatala mochedwa.

Kuchedwako kuli ndi zifukwa zake. Nthendayi ikayamba usiku, a pa banja amati tidikire kuche, popeza kuyenda usiku nkoopsa ndipo wa kabaza amakweza mtengo. Ena amayamba athamangira ku golosale kukagula makapisozi. Ena amachita manyazi, poopa kuti anansi adzawanena kuti ndi auve, kapena kuti mwini nyumba adzawatulutsa. Ena amaletsedwa ndi chikhulupiriro chao kupita ku chipatala. Ndipo pali chizoloŵezi choopsa chomana wodwala madzi poganiza kuti akamwa ndiye kuti kutsegulako kuchuluka.

Mankhwala oyamba a kolera ndi otsika mtengo, ndipo mbiri yake ndi yochititsa chidwi. M'chaka cha 1971, pa nkhondo imene inabala dziko la Bangladesh, anthu miyandamiyanda anathaŵira ku India, ndipo kolera inabuka m'misasa yao. Dokotala wa ku India, Dilip Mahalanabis, ataona kuti madilipi sakwanira, anasakaniza mchere ndi shuga m'migolo ya madzi, nauza abale a odwala kuti aziwamwetsa kosalekeza. Mu msasa wa ku Bangaon omwalira anatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 alionse kufika pa osakwana anai. Chinsinsi chake ndi chakuti ngakhale matumbo agwidwe ndi poizoni wa kolera, amathabe kumwa mchere ukabwera pamodzi ndi shuga, ndipo mcherewo umakoka madzi kuloŵa nawo m'thupi. Ameneŵa ndiwo madzi a ORS, amene kuno ambiri amawadziŵa ndi dzina la Thanzi. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Paketi ikasoŵa, lita imodzi ya madzi otetezedwa, masipuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga osasefukira, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere zimathandiza pa njira. Mchere usapyole muyeso umenewu, makamaka kwa ana. Wodwala amwe pang'onopang'ono koma kosalekeza, ngakhale akusanza, ndipo mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Madziŵa saloŵa m'malo mwa chipatala: amwedwe ulendo wa ku chipatala uli m'kati, usiku kapena usana, pakuti wodwala kwambiri amafunika dilipi.

Za katemera, alipo wakumwa, ndipo mu Novembala 2022 dziko lino linalandira madozi pafupifupi 2.9 miliyoni. Koma mwezi wa Okutobala chaka chomwecho mabungwe oyang'anira nkhokwe ya katemerayu pa dziko lonse anali atalamula kuti munthu azilandira kamodzi m'malo mwa kaŵiri, chifukwa maiko ofuna katemera anachuluka kuposa amene analipo. Chitetezo cha kumwa kamodzi sichikhalitsa, makamaka kwa ana aang'ono. Katemera amapatsa dera mpata wopuma. Chitsime chimakhala chomwe chija.

Ntchito ya Tithetse Kolera itayamba, odwala anayamba kuchepa mlungu ndi mlungu. Malo omwetsera ORS anakhazikitsidwa m'kati mwa madera kuti wodwala asayende mtunda wautali, kolorini anagaŵidwa m'makomo, ndipo anthu odzipereka anayenda kufunafuna odwala obisika m'nyumba. Namondwe Freddy atakantha chigawo cha kumwera mu Malichi 2023 ambiri anaopa kuti mliri uyambiranso mwamphamvu, koma chiŵerengero cha dziko lonse chinapitirira kutsika. Mu Ogasiti 2023 Boma linachotsa chilengezo cha ngozi, ndipo mu Julayi 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti mliriwo watha. Pakati pa miyezi imeneyi nthendayi inagwira Lusaka, makamaka m'makomboni onga Kanyama momwenso zitsime zosazama zayandikana ndi zimbudzi, kotero kuti bwalo la maseŵera la National Heroes Stadium linasandutsidwa chipatala mu Januwale 2024. Kuno kwathu odwala atsopano anaonekanso chaka cha 2024 chisanathe. Akale anati madzi saiŵala khwaŵa.

Zimene zinachitika mu 2023 zinali zozimitsa moto, ndipo zinapulumutsa miyoyo yambiri. Zotsala ndi za ndalama zambiri ndi nthaŵi yaitali, ndipo mai wa pa mdadada sangazithe yekha. Mwini poloti amene amatolera lendi pa zitseko zisanu ndi chimodzi ali ndi udindo womanga chimbudzi chokwanira, chokhala ndi silabu ndi chivundikiro, ndi kuitana opopa chikadzaza m'malo mochiboola kuti chitsikire m'ngalande usiku wa mvula. Khonsolo ya mzinda iri ndi udindo pa zimbudzi za m'misika, pa zinyalala, ndi pa malo otayirako zopopedwazo. Ogulitsa madzi ali ndi udindo woona kuti kiyosiki iri pafupi, ikutsegulidwa pa nthaŵi imene anthu amatunga, ndiponso kuti mtengo wa chidebe sukubwezera anthu ku chitsime. Ntchito zoterezi nyengo yake ndi Seputembala ndi Okutobala, nthaka ikali youma ndipo maenje akali okumbika, pakuti mu Lilongwe mvula imayamba cha mu Novembala, ndipo pofika Januwale madzi a pansi amakhala atakwera kale.